Tsiku Limene Amayi Anavula Zakuda

Tinafika ku Lusaka mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinali atatu: ine, bambo a mwana, ndi mwana wathu wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda. Tinachokera ku Chipata kumene ndinakwatiwa. Kuntchito kwa bambo a mwana anali atawauza kuti ayambe apuma, popeza kampani yawo inali pamalonda ndipo palibe ankadziwa amene aigule. Iwo anati m'malo mokhala pakhonde n'kumawerenga ntchentche, kuli bwino tipite ku Kabwata mwana akaone agogo ake.

Kwathu ndinali ndisanapondeko chimwalirire atate. Pamene ankamwalira ndinali ndi pakati potopa, ndipo akuluakulu anakana kuti ndikwere basi ulendo wautali chotero. Maliro ndinalirira kutali, m'nyumba ya eni. Nkhope yawo yomaliza sindinaione. Ndinangomva kuti chichotsedwere ntchito ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, wailesi ili pamwendo, mpaka thupi linayamba kutha.

Titatsika minibasi pamsika wa Kabwata ndinaona kuti zinthu zasintha. Salaula, zovala zakale zogulitsa zija, inali itayalidwa mpaka m'mphepete mwa msewu. Abambo ena amene kale ndinkawaona akupita kuntchito atamanga tayi anali atakhala pa timipando, akugulitsa makandulo ndi mazira owiritsa. Ndinawapatsa moni ndi maso okha, iwonso anachita ngati sanandizindikire.

Nyumba yathu inali yomwe ija ya zipinda ziwiri. Amayi ndinawaona ndili patali, akuthirira ndiwo m'kadimba ka pafupi ndi mpopi. Ndinaima chilili. Anali atavala zakuda kuyambira duku mpaka diresi. Komanso sizinali zakuda kwenikweni. Sopo ndi dzuwa zinali zitazidya, zikuoneka ngati phulusa la m'mbaula.

Anaika chitini pansi n'kupukuta manja. Sanayambe ndi ine. Anagwada pamaso pa mwana n'kumuyang'anitsitsa.

"Ndiye mkazi mnzanga ameneyu? Iwe, wachedwa. Mwamuna wathu anapita osakuona."

Anaseka, koma ine ndinayang'ana pansi. Mwana anabisala kuseri kwa chitenje changa.

Madzulo tikusadzula ndiwo kukhonde ndinalimba mtima n'kufunsa. Ine kufunsa munthu wamkulu kumandivuta chibadwire, ngakhale amayi anga enieni.

"Amayi, chaka sichinathe kale?"

"Chinatha."

"Nanga izi?"

"Azakhali ako anati abwera."

"Liti?"

"Anati abwera. Ukufuna ndikawakoke ndi chingwe ngati mbuzi?"

Kwathu mkazi wamasiye sadzivula yekha zakuda. Wakuchimuna amene anamuveka tsiku la maliro ndiye amabwera kudzamuvula chaka chikatha. Amayi anavekedwa ndi azakhali, mlongo wawo wa atate, amene ankakhala ku Chelstone. Chaka chinatha nthawi yozizira, mphepo ya fumbi inabwera n'kupita, kutentha kunafika, koma azakhali osaoneka. Amayi anatumako anthu, ndipo yankho linali lomwe lija. Sanayambane, sanatukwanizane. Anangoti abwera.

Mwina nkhaniyi ikanangokhala choncho pakanapanda kwaya. Amayi ndi atate anali a kwaya ya kutchalitchi kwathu kuyambira ine ndisanabadwe. Amayi ankaimba alito, atate besi, ndipo atate ankaima kumbuyo kwenikweni kwa amayi. Amayi sankadziwa kuwerenga zizindikiro za nyimbo zimene aphunzitsi a kwaya ankalemba pabolodi. Anali ndi njira yawo. Nyimbo isanayambe, atate ankang'ung'udza liwu limodzi pansipansi kukhosi, loti ena samalimva, ndipo amayi ankapendeketsa mutu kumanzere, n'kutola lawo pamwamba pa limenelo. Ndili mwana ndinkakhala pabenchi yakutsogolo n'kumadikira mutu uja kuti upendekeke. Ukapendekeka ndinkadziwa kuti nyimbo yayamba.

Chaka chimenecho kunali chikondwerero cha makwaya a m'dziko lonse, ndipo kwaya yathu inasankhidwa kukaimba nawo kwa nthawi yoyamba. Atate ankachikamba chikondwerero chimenechi chaka ndi chaka. Ankati tsiku lina a ku Kabwata adzaima pamenepo, olemera a ku Kabulonga adzatsegula pakamwa. Tsikulo linafika iwo kulibe. Linali Loweruka la sabata yomwe ife tinafika.

Lachitatu masana ndinawaperekeza amayi kokonzekera nyimbo. Sanapite kutsogolo. Anakhala pabenchi yomalizira, manja ali pamaondo, pakamwa ali tseke. Anandiuza kuti akhala akuchita zimenezo chiyambire maliro, osaphonya. Nyimbo zatsopano anaziphunzira ndi makutu okha. Pamzere wa alito panali kampata koti munthu mmodzi angaimepo, ndipo amayi awiri a m'mbali mwake sankasendezana kuti akatseke.

Atamaliza, aphunzitsi a kwaya anabwera kumene tinakhala. Anali bambo wamfupi, wa imvi, wolankhula mofatsa.

"Amayi, malo anu ndi aja mukuwaona. Koma mukudziwa, kumeneko onse amavala zofanana. Bulauzi yoyera, chitenje cha kwaya, duku loyera."

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Ngakhale akanalola, ine sindingaime pagulu ndi izi. Anthu angati chiyani?"

"Akakumasulani lisanafike Loweruka, bwerani. Sitifunsa zambiri."

Mayi wina wa sopurano, wonenepa, wokonda nthabwala, anandigwira paphewa.

"Si uyu wabwera? Mtumeni ku Chelstone. Mwana wa mlongo wake sangamukanize."

"Uyu?" amayi anatero. "Uyu amene amapepesa nkhuku akaiponda? Akafika kumeneko akangomwa tiyi n'kuthokoza."

Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma tikubwerera kunyumba ndinaona amayi akuyendetsa chala pantchafu motsata nyimbo imene tinasiya kutchalitchi, milomo ili yotseka. Mtima unandiwawa.

Ndinawauza bambo a mwana kuti mawa tipite ku Chelstone. Anapukusa mutu.

"Ine ndine mkamwini. Za maliro a apongozi ndilibe pakamwa. Ndikakalankhula ine ndiye zikaipiratu. Pita ndi mwana, ine nditsala ndikonze mpopi uja ukudontha."

M'mawa mwake ndinabereka mwana n'kukwera minibasi ya kutauni. Amayi sindinawauze kumene ndikupita, koma anadziwa, chifukwa anandipatsa mapapaya awiri m'pepala osanena kuti ndi a yani. Ndinatsika pafupi ndi Cairo Road n'kudutsa pakati pa ogulitsa amene anadzaza makhonde a masitolo. Pokwerera ya ku Chelstone kondakitala ankakuwa ngati kwagwa moto.

"Chelstone, Chelstone! Ba sisi, sendelani uko, mwana mumuike pa mendo. Nanga mapopo aya alipila?"

Anthu anaseka. Ine ndinakumbatira mapapaya ndi mwana pamodzi n'kuyang'ana pawindo. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndikawakonza bwino, minibasi ikagwa m'dzenje, amabalalika.

Azakhali ankakhala okha. Amuna awo anamwalira kale, ana awo anali kunja kwa Lusaka. Nawonso ntchito ya muofesi inali itatha, ndipo ankaweta nkhuku zogulitsa kuseri kwa nyumba. Ndinagogoda pageti ndi kamwala.

"Ndani?"

Ndinali nditaiwala. Azakhali anali ndi mawu aakulu, okhuthala ngati a mwamuna, ndipo pabanja ankasekedwa nawo kuti Mulungu anawaumba ndi dothi lotsala pa atate. Amene anafunsa kuseri kwa geti lija anali atate enieni. Anatsegula okha, atavala magambutsi, manja ali ndi gaga.

"Iwe! Waima ngati mtengo bwanji? Lowa. Uyu ndiye mwana uja?"

Anamutsitsa kumsana kwanga n'kumutembenuza uku ndi uku ngati akusankha nkhuku. Atafika pamakutu anawayang'anitsitsa. Mwana wanga ali ndi makutu a atate, oima ngati zogwirira za poto.

"Hmm," anatero. "Sanapite nawo onse."

Anaphika tiyi. Anandifunsa za ku Chipata, za mvula, za apongozi anga, za mtengo wa mtedza. Ndinayankha zonse. Ndinamwa tiyi, ndinathokoza, monga mmene amayi ananenera. Dzuwa linayamba kupendeka mawu anga adakali kukhosi. Kenaka azakhali anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Ukuganiza sindikudziwa chimene wabwerera? Mapapaya awa ndi a mtengo umene mlongo wanga anabzala. Nena."

"Azakhali, Loweruka kuli makwaya."

"Ndamva pawailesi."

"Amayi akufuna kukaimba."

"Akufuna kukaimba." Anabwereza pang'onopang'ono. "Mlongo wanga ali m'dothi, iwo akufuna kukaimba."

Kunja nkhuku zinkalira. Azakhali anayang'ana kukhoma kumene kunali chithunzi chakale cha ana asanu ndi mmodzi ataima pamzere kutsogolo kwa nyumba ya udzu.

"Ukuwaona awo? Ndatsala ine ndekha. Amako sindinawade, usamve zabodza. Anamusamala mlongo wanga mpaka tsiku lomaliza, ine ndinaona ndi maso anga. Koma tamvera. Kuntchito kwake anafufuta dzina lake asanafe. Anzake amene ankamwa nawo tiyi akandiona m'tauni amawoloka msewu. Mzinda wonsewu ukuyenda ngati munthu uja sanakhaleko. Ndikadutsa ku Kabwata pa minibasi ndimasuzumira, ndikaona kadiresi kakuda kaja pachingwe kapena pathupi pawo, ndimati alipo mmodzi amene akulira nane. Tsono ndikawavula, ndani atsale? Ine ndekha ndi nkhuku?"

Sindinadziwe kuti amadutsa kwathu osatsika. Ndinkayembekeza kuti andiuza za mwambo umene sunakwanire, kapena za abale a kumudzi amene ayenera kubwera kaye. Pa zimenezo ndikanapeza choyankha.

Mwana anali atagona pamiyendo panga. Ndinayang'ana makutu ake n'kulankhula osadzutsa mutu.

"Ine sindinawaike atate. Sindinawaone. Kunyumba ndapeza mpando wawo, ndapeza wailesi, koma iwo sindikuwapezamo. Amayi akamaimba ankatsamira pa mawu a atate. Ndimati mwina ndikawamva amayi akuimba, ndimvanso atate kumbuyo kwawo, ndiye ndilire bwino. Ndi zokhazo, azakhali."

Ananyamuka n'kupita kuseri. Ndinamva akuthira madzi m'zomwera nkhuku, nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo imafuna. Atabwera anandipatsa mazira m'kathumba.

"Pita kusanade. Mwanayu umufunde, madzulo kumachita fumbi."

Kunyumba amayi anaona mazira, anaona nkhope yanga, osafunsa kanthu. Lachisanu lonse tinakhala tikuyang'ana kumsewu mobisirana. Minibasi ikaima pakona, amayi ankapeza chifukwa chotulukira panja. Dzuwa linalowa. Amayi anachapa diresi lawo lakuda lina lija, anali nawo awiri osinthanitsa, n'kuliyanika monga mwa masiku onse.

Loweruka kusanatenthe tinamva kugogoda.

"Odi kuno! Mudakagona?"

Amayi anagwetsa supuni. Ndikudziwa kuti nawonso anamva chimene ine ndinamva pageti la ku Chelstone.

Azakhali analowa ndi chikwama m'khwapa, nkhope ili gwa. Sanakhale pansi.

"Alamu, izi si mmene zimayendera. Pamafunika abale, pamafunika nkhuku ndi thobwa, pamafunika kukaona kumanda. Anthu akamva adzati ndapenga. Tenthetsani madzi."

Bambo a mwana anatenga mwana n'kupita naye kumsika. Ine ndinathamangira kwa mkulu wa mpingo amene ankakhala mzere wachiwiri wa nyumba kuchokera kwathu, ndipo anabwera atavala jekete pamwamba pa malaya ogonera. Anapemphera mwachidule pakhomo n'kubwerera. Kenaka azakhali anawatenga amayi kupita nawo kubafa la kuseri. Ine ndinaima pakhomo la bafa ndi ndowa.

Anayamba ndi duku. Analimasula pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti tsitsi la amayi layera lonse. Anadulako pang'ono ndi lumo pamphumi ndi kunkhongo. Anawavula diresi, n'kuwathira madzi kumsana ndi manja awo. Amayi anali atawonda kwambiri, mafupa a m'mapewa ali poyera. Zakuda zija zinkabisa zambiri.

"Alamu," azakhali anatero, "mlongo wanga munamusunga bwino. Ife akuchimuna tilibe nanu mlandu. Valani zimene mufuna, pitani kumene mufuna."

Amayi anaomba m'manja mwaulemu ali chogwada pamwala wosambira, misozi ikusakanikirana ndi madzi. Azakhali anatulutsa chitenje chatsopano cha maluwa achikasu n'kuwafunditsa.

Zovala zakuda zimayenera kutenthedwa. Ndinali nditakoleza kale mbaula. Koma azakhali anatola duku ndi diresi, anakachotsanso lina lija pachingwe, n'kuzipinda bwinobwino n'kuziika m'chikwama chawo. Amayi anaona, ine ndinaona.

Yunifolomu ya kwaya inali pansi pa sutikesi, ikununkha mankhwala a njenjete. Ndinaisita mofulumira. Bulauzi inawakulira amayi ngati ya eni, ndipo tinaigwira ndi mapini kumbuyo. Atadziona pagalasi anaseka pang'ono.

"Ndikuoneka ngati mwana wa sukulu amene wabwereka ya mkulu wake."

"Mukuoneka ngati munthu amene achedwa," azakhali anatero. "Tiyeni."

Sindinkaganiza kuti nawonso apita, koma anatseka chikwama n'kutsogola.

Holo inali yaikulu, ya malata, ndipo pofika masana munali ngati mu uvuni. Sindinaonepo anthu oimba ambiri chotero. Panja panali mabasi ochokera kutali, ena ali ndi fumbi lofiira mpaka pamawindo. A ku Luapula anabwera ndi ng'oma ndipo ankaimba Chibemba akugwedeza mapewa. A kumadzulo anavala masiketi aakulu otambalala. A ku Copperbelt anali ndi malimba a magetsi, ndipo magetsi atazima pakati pa nyimbo anapitiriza ndi pakamwa, anthu n'kuimba nthungululu. Kunalinso kwaya ya ku Woodlands ya mikanjo yofiirira ngati ya m'mafilimu. Amayi ena a kumbuyo kwathu ankati, "Awa ni ba ndalama, koma mau yalibe mucele."

Tinakhala chapakati: ine, azakhali, ndi bambo a mwana atanyamula mwana. Azakhali anaika chikwama pamiyendo n'kuchigwira ndi manja onse awiri. Makwaya ankabwera n'kupita, koma ine sindinkamva bwino. Ndinkangoyang'ana kumbali kumene a ku Kabwata anakhala, kufunafuna duku la amayi pakati pa maduku oyera.

Anawaitana dzuwa litapendeka. Anakwera pamzere, ndipo amayi analowa m'kampata kawo kaja. Mayi wa sopurano uja anawatsinzinira diso. Kumbuyo kwa amayi kunaima mnyamata wamtali amene sindinkamudziwa, woimba besi watsopano.

Aphunzitsi anakweza dzanja. Holo inakhala chete. Ndinaona mutu wa amayi ukupendekeka kumanzere, monga kale, ndipo ndinagwira mkono wa azakhali osadziwa.

Dzanja linatsika, kwaya inayamba. Mutu wa amayi unakhalabe chipendekere.

Mnyamata uja sanalakwe kanthu. Ankaimba bwino, maso ali kwa aphunzitsi. Sankadziwa kuti pali munthu kutsogolo kwake amene akudikira liwu limodzi nyimbo isanayambe. Ndani akanamuuza? Ngakhale aphunzitsi sindikhulupirira kuti ankadziwa. Zinali za anthu awiri okha, ndi ine amene ndinkaziona ndili pabenchi yakutsogolo.

Amayi anatsegula pakamwa, n'kutseka. Anayesanso pa ndime yachiwiri. Kenaka anayamba kuyendetsa milomo motsata anzawo, koma ine mawu awo ndimawadziwa ngakhale pakati pa anthu zana, ndipo munalibe. Nyimbo inali yonena za munthu wobwerera kwawo madzulo atatopa ndi ulendo. Anaimaliza, anayamba ina, anayambanso ina. Amayi anaima mowongoka mpaka pamapeto, manja ali m'mbali, mapini akunyezimira akatembenuka. Anthu anaomba m'manja kwambiri. Bambo a mwana anandiyang'ana mokondwa n'kunena kuti apongozi achita bwino. Azakhali sanaombe. Iwonso anali ataona.

Ndinalira pamenepo, pakati pa anthu osekerera. Ndinapita kukamva atate kumbuyo kwa amayi, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti kulibe. Maliro amene ndinalephera kufikako anandipeza mu holo muja.

Titatuluka, a kwaya anali kujambulitsa zithunzi pafupi ndi basi yawo. Amayi anawauza kuti abwerera nafe. Tinayenda mpaka pamsewu n'kukhala pa kakhoma ka ngalande kudikira minibasi. Bambo a mwana anapita ndi mwana kukafuna madzi ozizira. Kumwamba kunali mitambo ya mvula yoyamba, yongolonjeza osagwa.

"Sindinaimbe," amayi anatero, akuyang'ana nsapato zawo.

"Tinaona," azakhali anayankha.

"Ndakuvutitsani chabe, alamu. Mwasiya nkhuku zanu, mwaphwanya mwambo. Mwanayu wapita mpaka ku Chelstone. Nyimbo ndikuzidziwa zonse, zili muno. Koma poyambira pake sindinapapeze."

Minibasi inaima, kondakitala anakuwa, tinaisiya ipite. Azakhali ankapotokola chingwe cha chikwama chawo.

"Ankachita bwanji?" anafunsa. "Chonchi?"

Anatseka pakamwa n'kung'ung'udza liwu limodzi, pansipansi kukhosi. Azakhali sanali munthu wa kwaya, kutchalitchi ankangoyendetsa milomo. Koma anakula naye mlongo wawo nyumba imodzi, ndipo liwulo linatuluka lomwe lija.

Amayi anaumitsa thupi. Kenaka mutu unapendekeka kumanzere, kumene azakhali anakhala.

Anayamba motsitsa, mawu ali osasa ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa. Inali alito yokha, yopanda sopurano pamwamba pake, moti munthu wodutsa sakanadziwa kuti ndi nyimbo yanji. Azakhali sankadziwa kumene besi imapita, anangogwira liwu lomwelo, akapuma n'kuligwiranso. Amayi anaimba ndime yonse ya munthu wobwerera kwawo madzulo. Mayi wina wogulitsa chinangwa chootcha pafupi nafe anasiya kukupiza moto n'kumvetsera. Itatha ndimeyo amayi sanayambe ina.

"Basi," anatero. "Yakwana."

Azakhali anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kukalipa kuti utsi wa chinangwa ukuwalowa. Minibasi ya ku Chelstone ndiyo inayamba kufika, ndipo azakhali anakwera ndi chikwama chawo chili pachifuwa. Ali pawindo anakuwa kuti, "Alamu, muzidya! Mapini si nyama!"

Tinakhala ku Kabwata masiku ena angapo. Amayi anatiperekeza kumanda a atate atavala chitenje chachikasu chija, ndipo mwana wanga anatola timiyala pamenepo n'kumasewera nato. Kukwaya sanabwererenso. Aphunzitsi anabwera kudzawapempha, iwo anati mawu anatha, apatse malowo atsikana. Ndinamva kuti masiku ena a Lamlungu azakhali ankatsika minibasi ku Kabwata m'malo mongosuzumira, n'kukhala nawo pansi pa mango mpaka madzulo. Ngati ankaimba, palibe anandiuza.

Amayi anamwalira mvula yachiwiri kuchokera pamenepo. Ulendo umenewo ndinafika pa nthawi yake. A kwaya anabwera onse mu yunifolomu, ndipo poimba pabwalo anasiyanso kampata pamzere wa alito. Azakhali anakhala pafupi nane pamphasa. Nditayang'ana bwino diresi limene anavala, losuluka ngati phulusa, losokedwa m'khwapa ndi ulusi wa mtundu wina, ndinalizindikira.